Zolinga za mabanja a ana onenepa kwambiri zikuthera papepala, tithandizane

Mlangizi wa zakudya: Anzanga, mutu wandikulira. Ana a zaka 7 mpaka 11, BMI-for-age (muyezo wa kulemera poyerekeza ndi msinkhu ndi zaka) yopitirira +2 SD, malire amene mwana amatchedwa wonenepa kwambiri. Makolo amasayina fomu ya zolinga, pobwera pakatha mwezi palibe chasintha, ena osabweranso n'komwe. Amalemba zoti "tizidya bwino" kapena "atsike makilogalamu 5". Inu mumazigwira bwanji?

Namwino wa ana: Vuto lili pa zolingazo, achemwali. "Tizidya bwino" simungaiwerenge. Cholinga chikhale chochita, chimodzi kapena ziwiri basi, chosankha okha: chakumwa cha shuga chichoke pa tsiku lililonse chifike kawiri pa sabata, madzi alowe m'malo. Botolo la 330 ml la chakumwa chotere limakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 35. Kenako afunseni, kuyambira 0 mpaka 10, akudzidalira bwanji kuti akwanitsa. Akatchula pansi pa 7, chepetsani cholingacho pomwepo. Mwezi watalikanso, muziwaimbira pakatha sabata ziwiri.

Dokotala wamkulu: Popanda nambala ya pasikelo palibe cholinga. Mudziwa bwanji kuti zikuyenda?

Namwino wa ana: Sikelo ndi yathu, bambo, si ya banja. Mwana akukulabe. Kulemera kukaima msinkhu n'kumakwera, z-score (nambala yosonyeza mmene BMI yake yatalikirana ndi ya ana a zaka zake) imatsika yokha.

Wa mafizo: WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, imati mphindi 60 za masewera olimbitsa thupi pa tsiku kwa ana a zaka 5 mpaka 17, koma musayambire pamenepo. Mwana amene sathamanga konse ayambe ndi mphindi 15, masiku atatu pa sabata, kholo lili pomwepo. Lembani tsiku, nthawi ndi zoti adzachite mvula ikagwa. Tulonso timatiiwala, ana a zaka 7 mpaka 11 amafuna maola 9 mpaka 12.

Dokotala wamkulu: Zonsezo nzabwino, koma makolo amafuna nambala.

Wa uphungu: Nambalayo ndi imene imawathamangitsa. Sikelo ikapanda kusuntha amaona ngati alephera, manyazi awagwira, sabweranso. Chenjeraninso ndi cholinga cha mwana yekha abale ake akudya zomwe iye waletsedwa, chimasanduka chilango. Mphotho isakhale chakudya. Muzifunsa ngati mwana akudumpha chakudya, kudya mobisa kapena kudzisanzitsa. Zikapezeka, imitsani zolinga, atumizidwe kaye kwa akatswiri. Ndipo amene amaphika ndi kugula zakudya akhalepo pokambirana, apo ayi mukupangana ndi munthu wolakwika.

Namwino wa ana: Komanso mwana wonenepa koma wamfupi, kapena msinkhu waima, akaunikidwe za mahomoni. Funsani ngati akumwa prednisolone kapena risperidone, mankhwala amene amanenepetsa. Malangizo a 2023 a AAP, bungwe la madokotala a ana ku America, amanena za maola osachepera 26 okumana ndi banja m'miyezi 3 mpaka 12, ndiye kukumana kamodzi pamwezi musayembekezere zambiri.

Dokotala wamkulu: Maola 26 antchito ake ali kuti? N'chifukwa chake ndikuti muwayeze, muwapatse nambala.