Kodi tipatutse ndalama zomangira tchalitchi kuti tithandize amasiye?

Mkulu wa mpingo, Dedza: Abale, mpingo wathu wasonkha ndalama zokulitsira tchalitchi, koma amayi amasiye angapo akugona ndi njala mwezi uno wa February. Kodi n'koyenera kupatutsako zina?

Mayi wa Chigwirizano, Lilongwe: Bambo, musazikhudze musanafunse amene anasonkha, chifukwa akakhumudwa sadzaperekanso. Nkhaniyi ipite ku seshoni, bwalo la akulu a mpingo.

Mphunzitsi, Dowa: Amishoni amene anafika ku Mvera mu 1889 sanalalikire kokha, anatsegulanso sukulu, ndipo pambuyo pake ku Nkhoma kunamangidwa chipatala. Ine ndikuona kuti amasiyewo ayambe kuthandizidwa, njerwa zidikire.

Dikoni, Mchinji: Kwathu banja lililonse limapereka ndowa ya chimanga pokolola, ndipo madikoni timachisunga mpaka nthawi ya njala, kenako timagawira okalamba ndi amasiye khomo ndi khomo.