Kodi kompyuta ingaonedi mmene msana wanga ukusenzera katundu?

Wakumsika: Ndimagulitsa chimanga, matumba a makilo 50 ndakhala ndikunyamula zaka zambiri. Mwezi watha anandijambula MRI (makina ojambula mkati mwa thupi), akuti disiki, kanthu kofewa ka pakati pa mafupa a m'munsi mwa msana otchedwa L4 ndi L5, yatuluka pang'ono. Mphwanga wophunzira uinjiniya akuti angaumbe msana wanga pa kompyuta kuchokera pa zithunzizo, n'kuona pomwe ukupanikizika. Zoona zimenezi, kapena mwanayu akungondisangalatsa?

Mlongo_wa_fizio: Zoona, bambo. Amatenga zithunzi zija, n'kudula pa kompyuta fupa lililonse ndi disiki m'tizidutswa tambirimbiri, kompyuta n'kuwerengera mphamvu yogwera pa kachidutswa kalikonse. Amati finite element. Koma mafupa amaoneka bwino pa CT, makina ena ojambula mkati mwa thupi ndi X-ray. MRI imaposa pa madisiki ndi mitsempha.

Katswiri_wamasamu: Mphwanuyo ayese mapulogalamu a kompyuta a 3D Slicer ndi FEBio, onse ndi aulere. Vuto ndi ili: MRI anakujambulani mutagona chagada, pomwe msana ukupuma. Mu 1999 Wilke ndi anzake ku Germany anayeza kupanikizika kwa mkati mwa disiki ya L4-L5 ya munthu wamoyo: atagona 0.1 MPa (muyeso wa kupanikizika), ataimirira 0.5, atanyamula makilo 20 atawerama 2.3. Nanga inu thumba la 50! Kompyuta imangoyerekeza mphamvu ya minofu, ndipo kufewa kwa disiki yanuyo siikudziwa.

Wakumsika: Ndiye kuwerama kuja ndiko kwandipha. Mawa ndifuna mnyamata wokweza matumba, ine ndizingowerenga ndalama.