"Kupatsa n'kuika": kuika kuti, kwa yani?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Mlaliki wina pa wailesi akuti "kupatsa n'kuika" ndi mwambi wa kufesa mbewu: ukapereka K20,000 kwa mtumiki wa Mulungu, waika kumwamba ndipo idzabwera itaswana. Akuti amene ali ndi galimoto mumpingo ndi amene anaika, osauka ndi amene anaumira. Azakhali akuti waupotoza mwambiwo, koma sakufotokoza. Tanthauzo lake n'chiyani?

Mlimi wa ku Mitundu: Waupotozadi, mayi. Agogo athu ankaunena pa nkhokwe. Chimanga chikachuluka m'nkhokwe, anankafumbwe ndi makoswe amadya nawo, denga likadontha china chimaola. Ndiye Januwale kapena Febuluwale mnzako akabwera ndi lichero, umam'tapira. Chimangacho wachisunga kwa mnansi, kumene nankafumbwe safika. Chaka chimene munda wako wakokoloka, iyeyo ndiye amatuma mwana ndi ufa. Panalibe kulemba m'buku, ndipo lichero limodzi silinkabwera malichero 100. Nthawi zina linkabwera ngati nkhuni ndi ndiwo pa maliro a kwanu. Mnzake wa mwambiwu ndi uja wakuti mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Chimkango: Nonse mwaphonya. Kuika ndi kuja timati "taika maliro." Chimene waika m'manda sufukula. Ukapatsa, kwirira, iwala. Agogo akamupatsa munthu mchere sankatchulanso.

Mphunzitsi wopuma: Ayi achimwene, zamaliro mwazitenga patali. Mawu oyandikana nawo ndi kuikiza. Munthu amaikiza mbuzi kwa m'bale wake wa mudzi wina kuti matenda kapena akuba akalowa m'khola lake, zisathe zonse. Ambiri amapangana kuti wosungayo adzatengeko kamwana. Choikiza chimabwerera, koma chimabwerera kuchokera kwa munthu, ndipo mbuzi ikafa ndi matenda kapena kugwidwa ndi fisi sumuimba mlandu.

Mwana wa Mfumu: Koma bwanji mukuopa madalitso? Malaki 3:10 akuti bweretsani chakhumi mundiyese. Luka 6:38 akuti patsani, mudzapatsidwa muyeso wosefukira. Abrahamu anali ndi ng'ombe, siliva ndi golide. Umphawi si chiyero ayi.

Katekisiti: Palibe wanena kuti umphawi ndi chiyero, mwana wanga. Koma mavesiwo muziwerenga ndi anzake. Pa Malaki chakhumi chikupita ku nyumba yosungiramo kuti m'Kachisi mukhale chakudya, ndipo Deuteronomo 14:28-29 akuti chaka chachitatu chilichonse chidyedwe ndi Alevi, alendo, amasiye ndi akazi amasiye. Luka 6:38 akutsatira mawu a kusaweruza ndi kukhululuka, ndipo vesi 35 ikuti kongoletsani osayembekeza kanthu. Lonjezo lija la kubwezeredwa ka 100 la pa Marko 10:30 likubwera pamodzi ndi mazunzo, mbali imene siiwerengedwa pa wailesi.

Funso lenileni ndi lakuti, kodi chuma ndi chizindikiro chakuti Mulungu wakondwa nawe? Anzake a Yobu ankaganiza choncho, ndipo pa mutu 42 Mulungu anawadzudzula. Asafu pa Salimo 73 akudandaula kuti oipa ndiwo akunenepa. Mateyu 5:45 akuti mvula imagwa m'munda wa wolungama ndi wa wosalungama. Ophunzira atafunsa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, Yesu anati si iye kapena makolo ake. Ndipo popeza tikunena za nkhokwe, pa Luka 12 pali mlimi amene anakolola zochuluka, n'kuganiza zopasula nkhokwe kuti amange zazikulu, usiku womwewo anamwalira. Anaika m'nkhokwe, sanaike mwa anthu.

Chimkango: Mwaona? Anamwalira, anamuika. Ndiye kuika kwake n'komweko. Luka 14 akutinso uziitana opunduka ndi osaona chifukwa sangakubwezere. Kukwirira kumeneko.

Mphunzitsi wopuma: Pitirizani vesi 14, achimwene: udzabwezeredwa pa kuuka kwa olungama. Kubwerera kulipo, nthawi yake ndi ina.

Mkulu wa mpingo: Chiphunzitso cha mbewuchi si cha makolo athu. Anachitchukitsa ndi mlaliki Oral Roberts wa ku Tulsa, ku America, cha m'ma 1970, chinadzafika kuno kudzera m'mabuku, pa kanema ndi m'misonkhano ya chitsitsimutso. Mwambi wathu angouvekako. Taonani mmene zimaonongekera. Munthu auzidwa kuti mbewu iyenera kupweteka, atenga katapila K50,000 kuti abweze K75,000 pakutha pa mwezi. Mwezi watha, kalikonse kulibe, chiwongoladzanja chakwera, atenga ina ku banki m'khonde kuti atseke yoyamba. Wina agulitsa matumba ake awiri a feteleza, wokulitsa ndi wobereketsa, ndalama akafesa ku guwa. Chimanga chikhala chachikasu, chosafika m'chiuno, ndipo akafunsa amamuuza kuti chikhulupiriro chinachepa, afesenso. Choopsa ndi chimenecho: yankho lililonse limagwera wosauka yemweyo.

Chopereka cholongosoka chimayambira pa zimene wapeza. Wakolola matumba 20, chakhumi ndi awiri, ndipo za masika zimawerengedwa poyera, msungichuma n'kulemba. Amayi a Mvano kapena a Chigwirizano akatenga ufa ndi sopo kupita kuchipatala, kapena a mphakati akamangira nyumba nkhalamba, kuika kwa agogo kuja n'kumeneko.

Nabanda: Komanso kale munthu akalemera mwadzidzidzi, agogo sankati wadalitsika, ankati wakhwima. Zimenezonso zinali zolakwika, zinanyozetsa anthu olimbikira ntchito. Lero tatembenuza, aliyense wa galimoto ndi wodalitsika ngakhale ndalama zake zili ku khoti.

Mlimi wa ku Mitundu: Ana a masiku ano ndiye ayi. Chithunzi pa Facebook atatsamira galimoto ya mwini, pansi alemba "ndi grace basi." Dalitso kale linali mvula ya nthawi yake, mwana wobadwa bwino, kugona mutadya. Pano dalitso ndi dola. Uwafunse lichero, akuuza kuti ndi dzina la malo.

Mwana wa Mfumu: Inu madala mumangotinyoza. Ntchito kulibe, digiri ili m'chikwama, mukufuna tiziti chiyani tikaiphula? Tisathokoze Mulungu?

Katekisiti: Thokozani ndithu, 1 Timoteo 6:17 akuti ndi Iye amatipatsa zonse. Chimene tikukana ndi kuloza mnzako amene sanaiphule n'kumati Mulungu wam'fulatira.

Nachisale: Zikomo nonse. Koma ndiye n'kuikiza kapena n'kusunga? Azakhali ndikawauze chiti?

Chimkango: Kawauzeni za maliro, mayi. Kafunseni nkhalamba iliyonse ku Dedza kuti "taika" ndiye kuti chiyani, mudzandiuza.