Kodi siamang ndi pusi kapena nyani?

Wofunsa:
Ndaona kanema wa nyama yakuda bii, ya mikono italiitali, yotchedwa siamang, ikulendewera m'mitengo ya ku Sumatra uku ikufufumitsa khosi ngati chule. Popeza ilibe mchira, kodi tingaiike m'gulu la apusi kapena la anyani amene timawadziwa kuno?

Yankho loyamba:
Ayi ndithu, bambo, si pusi ndipo si nyani. Siamang ndi mtundu waukulu koposa mwa nyama zotchedwa gibbon, zomwe ndi abale a orangutan ndi gorila, ndipo zonsezi zilibe mchira. Imalemera makilogalamu pafupifupi 10 mpaka 14, ndipo imapezeka ku Sumatra, ku Malaysia ndi kumwera kwenikweni kwa Thailand. Thumba la pakhosilo limatha kufufuma mpaka kufanana ndi mutu wake, ndipo limakuza mawu pamene yaimuna ndi yaikazi zikuimba molandizana m'mawa, pochenjeza mabanja ena kuti dera limenelo lili ndi eni ake.

Yankho lachiwiri:
Chimene chimandichititsa chidwi ine ndi kaleredwe kake. Mwana akakwanitsa chaka, yaimuna ndiyo imayamba kumunyamula kwambiri, zomwe sizichitika kawirikawiri pakati pa ma gibbon ena. Mukaonetsetsa phazi lake mudzapeza kuti chala chachiwiri ndi chachitatu n'zolumikizana ndi khungu. Imadya masamba ambiri pamodzi ndi nkhuyu.

Yankho lachitatu:
Bungwe la IUCN, loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse, linaika siamang m'gulu la nyama zomwe zili pangozi ya kutha, chifukwa nkhalango zikugwetsedwa kuti padzalidwe migwalangwa ya mafuta, komanso ogwira ana ake kuti akawagulitse nthawi zambiri amayamba apha mayi.