Matayala oyenera pikapu yonyamula mbatatesi

Wa ku Ulongwe: Akuluakulu, ndimanyamula matumba a mbatatesi kupita ku Tete pa pikapu yokoka ngolo, koma matayala akumbuyo amaphulika ndikayandikira ku Moatize. Kodi ndigule otani?

Wa ku Moatize: Achimwene, muziwerenga zolembedwa m'mbali mwa tayala. Gulani okhala ndi chilembo C kapena LT (zizindikiro za matayala a galimoto zonyamula katundu), monga 195R14C 106/104, chifukwa nambala 106 ikutanthauza kuti tayala limodzi limasenza makilogalamu 950, pomwe matayala a galimoto zazing'ono sapirira katundu wotere, makamaka phula la kuno likatentha mu Okutobala.

Wa ku Zóbuè: Zimenezo n'zoona bambo, koma ngolonso musaiiwale, pakuti ambiri amaiveka matayala otha, ong'aluka m'mbali. Mpweya muziuyeza m'mawa musananyamuke, matayala asanatenthe.