Funso: njinga ya mashoko awiri ikugogoda kumbuyo, ndiyambe kukonza chiyani?

aTembo, Kapata (Chipata):
Akuluakulu ndi anzanga a pagulu pano, ndipatseniko nzeru. Ndili ndi njinga ya m'mapiri ya mashoko awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, yogula pa salaula. Felemu ndi ya aluminiyamu, matayala ndi 29, foloko ndi ya mpweya ya RockShox ya 130 mm. Shoko ya kumbuyo nayonso ndi ya mpweya, saizi yake 210x50. Magiya ndi 2x10 (awiri kutsogolo, 10 kumbuyo) a Shimano Deore, mabuleki a oilo a Shimano, madisiki onse awiri 160 mm. Ine ndimalemera makilo 78. Ndimakwera kwambiri ku Kanjala ndi mapiri ena ozungulira tauni, komanso misewu ya fumbi yopatuka pa msewu wa ku Mfuwe.

Mavuto alipo atatu. Ndikagwira chishalo n'kuinyamula pang'ono, kumbuyo kumamveka "gu". Ndikakhalapo imatitimira pafupifupi theka, mpaka mapedulo amagunda miyala. Tcheni chimagwanso pa mabampu. Ndalama imene ndasunga ikwana chinthu chimodzi chachikulu basi, ndiye ndimaganiza za magiya a 1x12 (imodzi kutsogolo, 12 kumbuyo) kapena foloko ya 160 mm. Chiyambe n'chiti?

aMbewe, Katete:
A Tembo, zonse ziwirizo ziyambe zadikira. "Gu" ameneyo ndiye ntchito yoyamba, chifukwa mukamuchedwetsa amadya felemu, ndipo felemu ya njinga imeneyi simungaipeze pa shopu iliyonse kuno.

Pezani kaye pamene akuchokera. Mnzanu azinyamula chishalo n'kutsitsa pang'onopang'ono, inu chala chili pa bawuti iliyonse ya kumbuyo, imodziimodzi: ziwiri za shoko, ndi zonse zimene zalumikiza felemu ya kumbuyo ndi ya kutsogolo. Pamene chala chamva kusuntha ndi pomwepo. Kawirikawiri ndi bushi wa m'diso la shoko, kamphete kamene kanapangidwira kuti kazitha m'malo mwa shokoyo. Akatha amagogoda chokwera ndi chotsika. Kenako gwirani tayala la kumbuyo, mulikankhe kumanja ndi kumanzere. Likamagwedera cham'mbali, vuto ndi mabelingi, kaya a mu habu (pakati pa tayala) kaya a m'mapivoti (polumikizira felemu ya kumbuyo ndi ya kutsogolo paja).

Kuti mutsimikize, tulutsani mpweya wonse mu shoko pang'onopang'ono, ichotseni, wina atagwirira tayala kuti felemu isadzigunde yokha. Ndiye kwezani ndi kutsitsa kumbuyoko ndi dzanja. Kuyenera kuyenda myaa. Mukamva ngati muli mchenga, kapena kukugwira malo ena, mabelingi atha. Amatha msanga chifukwa sazungulira ngati a tayala. Amangopita uku ndi uku pang'ono chabe, timipira n'kumakumba pamalo amodzimodzi, girizi atakankhidwira pambali.

aNabanda, Petauke:
Achimwene, za kutitimirazo mwina si kuwonongeka ayi, ndi mpweya wochepa. Njinga za pa salaula zimakhala miyezi osapopedwa. Mufunika pampu ya shoko, kaja kakang'ono ka geji kofika 300 psi.

Shoko yanu imayenda 50 mm. Mukakhalapo iyenera kulowa 25 mpaka 30 peresenti, ndiye kuti pakati pa 12.5 ndi 15 mm. Panopa mwati theka, kutanthauza 25 mm, n'chifukwa chake mapedulo akupala pansi. Poyambira chulukitsani makilo anu ndi 2.2. Kwa inu zibwera cha m'ma 170 psi. Nambala imeneyi ndi yongoyambira, chifukwa felemu iliyonse imakankha shoko mosiyana, ndipo musapyole malire amene alembedwa pa shokoyo.

Popopa musathire wonse nthawi imodzi. Mukaonjeza 50 psi, kanikizani chishalo kangapo mpaka mumve "tsi" pang'ono. Umenewo ndi mpweya ukuwolokera m'chipinda chachiwiri. Mukapanda kutero geji ikunamizani. Mukatha tsegulani loko ya shokoyo, valani zonse zimene mumayenda nazo, ndi chikwama ndi madzi omwe, tsamirani khoma, khalani. Kankhani kamphete ka labala kamene kali pa paipi ya shoko kafike pa thupi la shokoyo, tsikani mosagwedeza, yezani ndi rula mtunda umene kasuntha. Ikapyola 15 mm onjezani 10 psi, yezaninso.

Foloko ya 130 mm ilowe 20 mpaka 26 mm mutaimirira pa mapedulo. Pamapeto sinthani kabatani kofiira kamene kamalamula liwiro lobwerera. Tsikani pa kamtunda kakang'ono muli chikhalire. Njinga ilowe, ibwerere kamodzi, ikhazikike. Ikamakuponyani m'mwamba, chepetsani liwiro ndi makiliki awiri.

aTembo, Kapata (Chipata):
Zikomo kwambiri a Mbewe ndi aNabanda. Pampu ya shoko ndilibe. Kodi kompresa ya pa filing'i kapena ya okonza matayala a galimoto singagwire ntchito?

aNabanda, Petauke:
Ayi achimwene, musayese. Chipinda cha mpweya cha shoko n'chaching'ono kwambiri. Kompresa zambiri za matayala sizifika 170 psi, ndipo mukamachotsa payipi mpweya umene umathawa "fyu" ndi gawo lalikulu la umene munathira. Pampu ya shoko imatseka valavu isanamasuke. Itanitsani ku Lusaka kapena ku Lilongwe, ndiyo ikhale yoyamba kugula.

Dziwaninso kuti mukailumikiza tsiku lina geji imaonetsa 5 kapena 10 psi yochepa, chifukwa mpweya wina walowa mu payipi ya pampuyo. Si kudontha kumeneko. Kudontha mumakudziwa poyezanso ndi rula pakatha sabata.

aDaka, Lundazi:
Za foloko ya 160 mm ndikukanizani, akulu. Felemu inapangidwira 130. Kuonjeza 20 mm kulikonse kumagoneka kutsogolo ndi digiri imodzi, ndiye 30 mm ndi digiri ndi theka. Kutsogolo kukwera, chishalo chipendekera kumbuyo, ndipo pa chikweza cha Kanjala tayala la kutsogolo lizinyamuka. Choopsa kwambiri n'chakuti foloko yaitali imakoka khosi la felemu mwamphamvu kuposa mmene anaipangira, ndipo aluminiyamu akang'aluka pa weledi palibe chenjezo. 140 mm ndi pamene ndingavomere, ndipo mafoloko ena a RockShox amafika pamenepo pongosintha ndodo ya mpweya ya m'kati, osagula foloko ina.

Chimene foloko yanu ikusowa ndi sevisi. RockShox amati miyendo ya m'munsi itsegulidwe pa maola 50 aliwonse okwera, sevisi yonse pa maola 200. Fumbi la August mpaka October kuno limafuna kufulumirako. Muli timasiponji tiwiri pansi pa malabala otchinga fumbi. Tikauma, fumbi limasanduka sandipepa n'kuyamba kupala mapaipi onyezimira aja. Akapalika ndiye kuti foloko yapita. Oilo wake ndi wa mafoloko, ndipo muyezo umasiyana malinga ndi mtundu, ndiye onani dzina ndi chaka cha foloko yanu, mutenge mamililita ake m'buku la kampaniyo pa intaneti. Oilo wa injini kapena WD-40 musaike pa mapaipi. Pukutani ndi nsalu yofewa mukabwera ku ulendo, basi.

Komanso musaipereke kotsukira magalimoto. Madzi a mphamvu aja amalowa m'mabelingi, ndipo mwina ndi amene anayambitsa "gu" wanuyo. Ndowa, sopo ndi burashi zikwana.

aZulu, Chipata:
Pa tcheni: yang'anani pa derailleur ya kumbuyo, chija chimasuntha tcheni posintha magiya, ngati pali kaswichi kotuwa kolembedwa ON ndi OFF. Ma Deore ambiri a magiya 10 ali nako. Kakakhala pa OFF tcheni chimakupiza n'kugwa. Yezaninso tchenicho. Pa tcheni chatsopano, kuchokera pa pini yoyamba kufika pa pini ya nambala 25 ndi 304.8 mm, ndiye kuti mainchi 12. Chikatalika ndi 2 mm kapena kupyola, sinthani chisanadye mano a kumbuyo.

Koma ine ndikuti ndalama yaikuluyo ipitebe ku 1x12. Mapiri a kuno amafuna giya yopepuka, ndipo giya imodzi kutsogolo imachotsa mavuto ambiri.

aMbewe, Katete:
Giya imodzi kutsogolo ndikugwirizana nanu a Zulu, koma 12 ayi. Njinga ya 2x10 imakhala ndi habu ya HG, umene ndi mtundu wa polowetsera kaseti, mulu wa magiya a kumbuyo uja. Kaseti ya Shimano ya magiya 12 ya m'mapiri imafuna Micro Spline, ya SRAM GX imafuna XD. Ndiye a Tembo agulanso habu kapena tayala lonse. Za magiya 12 zokwana pa HG ndi SRAM NX ndi SX za 11-50, koma pamenepo asintha shifta, derailleur ndi tcheni zonse.

Njira yosawononga ndalama ndi iyi: kaseti ya Deore ya magiya 10 ya 11-46, derailleur RD-M5120, shifta yomweyo imene ali nayo, ndi giya ya kutsogolo ya mano 30 ija ya mano osinthana, lonenepa ndi lowonda, imene imagwira tcheni. Werengani nokha: pogawa mano a kutsogolo ndi a kumbuyo, 26 kutsogolo ndi 36 kumbuyo zimapereka 0.72, pamene 30 ndi 46 zimapereka 0.65. Ndiye kuti yopepuka kuposa imene ambiri ali nayo pa 2x10. Chimene mutaye ndi liwiro pa tala. Pa Great East Road miyendo izizungulira msanga, chifukwa 30 kutsogolo ndi 11 kumbuyo sizifika pa 36 kutsogolo ndi 11 kumbuyo za 2x10. Ofuna yopepuka koposa atenge Deore ya magiya 11 ya 11-51, nayonso imakwana pa HG.

Magiya 12 savomera kulakwitsa. Kachitsulo kogwira derailleur kakapindika pang'ono chabe, magiya ayamba kudumpha, ndipo tcheni chake chikaduka muli ku Jumbe simuchipeza pafupi. Musanaitanitse giya ya kutsogolo onani ngati mabowo a mabawuti a pa kilanki yanu ali pa mzere wozungulira wa 104 mm kapena 96 mm, chifukwa Deore ali ndi mitundu yonse iwiri.

aZulu, Chipata:
Za habu mwanena zoona akulu, ndavomera. Ndionjezepo chimodzi chimene ambiri amalakwitsa pa njinga ya mashoko awiri. Kumbuyo kukalowa, mtunda wa pakati pa kilanki ndi tayala umatalika. Mukadula tcheni njinga ili chiimire, chikhoza kufupika, tsiku lina n'kuzula derailleur pa bampu. Tulutsani mpweya mu shoko, kanikizani kumbuyo mpaka pamapeto, zungulizani tcheni pa giya yaikulu ya kumbuyo ndi ya kutsogolo osadutsa mu derailleur, muonjeze malinki awiri, ndiye mudule.

aNjobvu, Mambwe:
Popeza mumalowera msewu wa ku Mfuwe, musaiwale minga. Ngati malimu ndi matayala anu alembedwa TLR kapena Tubeless Ready, chotsani machubu. Mufunika tepi ya limu, mavalavu awiri ndi madzi omata mabowo, 100 mpaka 120 ml pa tayala la 29. Ndi kutentha kwa kuchigwa kuno madziwo amauma pa miyezi iwiri kapena itatu. Gwedezani tayala pafupi ndi khutu, mukapanda kumva kukhapira onjezani. Pa makilo 78 yambani ndi 24 psi kutsogolo, 27 kumbuyo. Chubu chimodzi chizikhalabe m'chikwama.

Mabuleki: disiki ya kutsogolo ikwezeni ifike 180 mm ndi adaputala ya 20 mm, ndi ndalama yochepa koma pa chitsetse chachitali kusiyana kumamveka m'manja. Disiki ya Shimano ikafika 1.5 mm yatha. Mabuleki amenewa amamwa mineral oil yekha. Mukathira buleki fuluwidi wa galimoto wa DOT malabala a m'kati amafufuma, buleki yonse n'kuwonongeka. M'matope a January ndi February mapadi a chitsulo amakhalitsa, koma onani kaye pa disiki, chifukwa zina zalembedwa kuti n'za mapadi a resin okha.

aTembo, Kapata (Chipata):
Ndayesa monga munanenera a Mbewe. Kugogoda kuli pa bawuti ya kumunsi kwa shoko. Nditachotsa shoko, pivoti yaikulu ya pafupi ndi kilanki ikukhulana. Pa labala wa belingi palembedwa 6902, alipo awiri. Swichi ya derailleur inalidi pa OFF. Kodi mabelingi amenewa ndingawachotse ndi nyundo ndi chisulo?

aMbewe, Katete:
Nyundo ayi a Tembo, bowo la aluminiyamu likakula belingi watsopano sagwiranso. 6902 ndi 15 mm m'kati, 28 mm kunja, 7 mm kunenepa. Funsani 6902-2RS, wa labala mbali zonse ziwiri. Mukapeza wolembedwa MAX tengani ameneyo, ali ndi timipira tambiri ndipo ndi amene anapangidwira mapivoti. Wamba wa m'masitolo a mabelingi agwira ntchito, kungoti satha nthawi yaitali. Tsegulani labala wake ndi nsonga ya leza, dzazani girizi wosalowa madzi, bwezerani.

Pochotsa, ngati pakati pa mabelingi awiriwo pali kapaipi, kasunthireni pambali kuti mupeze pogwira, ndipo onani mbali imene bowo lili ndi mlomo, belingi atulukire mbali inayo. Gwiritsani ntchito bawuti yaitali ya 8 mm, mawashala ndi masoketi awiri: yaing'ono yokankha, yaikulu kuposa 28 mm yolandira belingi. Polowetsa watsopano pakani girizi pang'ono m'bowo, soketi ikankhe mphete ya kunja yokha. Mukakankha ya m'kati mwamuwononga asanayambe ntchito. Akayamba kulowa chopendama, imani, mubweze, muyambenso. Musaiwale kubwezera kapaipi kaja musanalowetse wachiwiri.

Bushi wa shoko ndi wa 12.7 mm m'kati, mumutulutsa ndi vayisi ndi masoketi momwemo. Onaninso kachitsulo kamene kamadutsa mwa iye. Kakakhala ndi mizere kapena kataonda pakati, bushi watsopano yekha sathetsa kugogoda. Yezani utali wake ndi veniya, muonenso ngati bawuti ndi ya 6 kapena 8 mm, muitanitse ndi manambala amenewo. Pomanga, dontho limodzi la Loctite 243 ya buluu pa mazinga a bawuti, girizi pa thupi lake, ndipo mangani kufika pa Nm (muyezo wa mphamvu yomangira) imene yalembedwa pamutu pa bawutiyo. Pakatha maulendo awiri muzionenso zonse ngati sizinamasuke.