Msuzi wa miso wachangu: ndalakwitsa pati?

Mphunzitsi wa ku Ulongwe
Anzanga, ndithandizeni. Mng'ono wanga wa ku Johannesburg wandibweretsera kachidebe ka miso, kofiirira ngati chiponde, chakudya cha ku Japan chopangidwa ndi soya. Kuno ku Angónia June uno kukuzizira koopsa, ndipo ndimachoka pakhomo 6 koloko isanakwane, ndiye ndimafuna kanthu kotentha kosachedwa. Dzulo ndinathira masipuni akulu atatu m'kapoto, madzi kapu imodzi ndi theka, n'kuwiritsa mphindi 10. Mchere wokhawokha, kafungo kabwino kaja konse kanatha. Sindikufuna kutaya, kachokera kutali.

Mayi wa ku Moatize
Mana, miso saiwiritsa. Ndi soya wosasitsa pamodzi ndi mchere komanso mpunga kapena balere wokhala ndi nkhungu yotchedwa koji, ndipo amakhala miyezi akupsa yekha. Mukawiritsa, fungo limathawa ndi nthunzi. Phulani kaye poto, tengani timadzi totentha m'chipande, sungunulirani miso m'menemo, kenako bwezerani m'poto. Sipuni yaikulu imodzi pa kapu imodzi, basi. Ngati yanuyo ndi yofiira yepulaniko, imakhala ndi mchere wambiri kuposa yoyera. Osathiranso mchere wina.

Wa ku Songo
Amayi anena zoona, koma chatsala chimodzi. Madzi okha sakoma. Eni ake amayamba ndi msuzi wotchedwa dashi, ndipo mtundu wina wa dashi amaphika ndi tinsomba touma, niboshi. Nditamva zimenezi ndinati, nanga ife kapenta wa ku Cahora Bassa tikumusiyiranji? Ndimatenga kadzanja kamodzi, ndichotse mitu ndi matumbo chifukwa ndi zimene zimawawitsa, nditsuke bwino mchenga ndi mchere, ndiviike m'madzi makapu awiri usiku. M'mawa mphindi 5 pamoto wapansipansi, ndisefe. Kukoma kwake sikufanana ndendende ndi kwa ku Japan, kapenta ali ndi fungo lakelake, koma ine ndimaukonda chomwecho. Tinsombato musataye, kazingani ndi tomato masana.

Mayi wa ku Moatize
Eee achimwene, kapentayo ndiyesa. Mana, za changuzo: Lamlungu sinjani kapenta wouma akhale ufa, sakanizani ndi miso ndi anyezi wa masamba woduladula, umbani timipira, kalikonse sipuni imodzi, mukulunge m'pulasitiki n'kuika m'furiji. Timatha sabata. M'mawa kampira kamodzi m'kapu, madzi otentha a m'fulasiki, takasani, mwamaliza.

Mphunzitsi wa ku Ulongwe
Zikomo nonse. Lero ndatsata za achimwene a ku Songo, ndinaponyamo mpiru wa kudimba ndi mbatatesi imodzi yodula mopyapyala, miso n'kuthira nditaphula. Mwana wanga wamkulu, amene anakana dzulo, wamwa makapu awiri. Timipirato ndiumba Loweruka ndikabwera kumsika ndi kapenta wina.